Ankhoswe, mlandu wa nkhanza usamathere pa nkhuku ya chipepeso

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi ankhoswe anzanga, mafumu ndi akulu a mipingo. Chaka chilichonse kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala timamva za masiku 16 olimbana ndi nkhanza. Kumakhala kuguba m'misewu, malaya olembedwa mawu, zolankhula za akuluakulu, ndipo uthenga umakhala umodzi: mukachitidwa nkhanza, kaneneni kupolisi. Uthengawo ndi wabwino, sindikuutsutsa ayi. Koma ine amene ndakalambira kumudzi kuno, m'dera la Linthipe ku Dedza, ndimadziwa kumene mayi womenyedwa amathawira pakati pa usiku. Amakagogoda kwa azakhali ake, kwa mlamu wake, kwa amayi busa, kapena kwa ine nkhoswe yake. Chimene chikundivuta mumtima ndi ichi: ifeyo otsegula chitseko, kukacha timachita naye chiyani munthu ameneyu, nanga womumenyayo timatani naye?

Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya boma yowerengera anthu ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo: kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa ndi mawu ndi ziopsezo. Mwa amayi amene anamenyedwapo kapena kugwiriridwa, pafupifupi theka sanauzepo munthu wina aliyense. Amene analimba mtima n'kupempha thandizo, ambiri anapita kwa abale awo, opita kupolisi anali ochepa. Ndiye kuti milandu yambiri ya nkhanza m'dziko muno imayambira pa mphasa ya ankhoswe ndipo imatheranso pomwepo. Majisitireti saimva n'komwe.

Ena amati amayi akumudzi sapita kupolisi chifukwa cha umbuli. Ndaphunzitsa sukulu ya pulayimale mpaka kupuma ntchito, ambiri mwa amayiwa anadutsa m'manja mwanga, ndipo ndikukuuzani kuti si mbuli. Amawerengetsa bwino kuposa ife. Kuti akafike kupolisi pafunika ndalama ya kabaza, atenge kalata apite nayo kuchipatala, abwerenso nayo, kenako adikire tsiku lakukhoti, mwana ali kumsana, kudimba kukuuma. Munthu amene akukamumangitsayo ndi yemwe amagula feteleza. Ngati ali pachitengwa, madzulo abwerera kukagona pakati pa abale a mwamunayo, amene amulandira ndi mawu akuti “wamangitsa mwana wathu”. N'chifukwa chake ambiri amabwerera kupolisi patapita masiku ochepa kukapempha kuti mlandu uthe. Apolisi amatopa nawo, ife timawanena kuti ndi opepera, koma palibe amene anawafunsa kuti mawa adya chiyani ndipo agona kuti.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchibisa. Mu Okutobala 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa ndi apolisi, ndipo mu 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukutamisozi. Nkhani imeneyo inamveka mpaka kuno. Ndikudziwa apolisi a ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, amene amagwira ntchito ndi mtima wonse, ena amafika pogulira wodandaula chakudya ndi ndalama ya m'thumba mwawo, koma chikhulupiriro chikasweka motero sichibwerera ndi chikwangwani. Nayonso ndende sisintha munthu. Khoti linanena kale mu 2009 kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu. Mwamuna akakhala ku Maula miyezi ingapo akugona chokhala, palibe womuphunzitsa kugwira mtima wake, amatuluka ndi mkwiyo woposa umene analowa nawo, ndipo amadziwa bwino amene anamupititsa kumeneko.

Tsono tiyeni tione mphasa yathuyo, poti ndiyo imene anthu ali nayo. Mlandu wa nkhanza timauzenga motere. Mkazi wathawira kwa nkhoswe, diso lotupa. Timatuma mwana kukaitana mwamuna ndi nkhoswe yake. Onse akhala pansi, mkazi mutu uli pansi, mwamuna pampando. Funso loyamba limapita kwa mkazi: “Inu mayi, munalakwa chiyani kuti bambo afike pokwiya chonchi?” Akayamba kufotokoza, wina amudula: “Koma inunso pakamwa panu.” Mwamuna anena mbali yake, ndiwo zinalibe mchere, anachedwa kuchigayo, foni yake imalira usiku, ndinali nditalawa pang'ono. Akuluakulu agwedeza mitu. Chigamulo n'chakuti onse awiri analakwa. Mwamuna apereke nkhuku, mkazi apepese chifukwa choyankha, ndipo amalangizidwa kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sizituluka panja. Nkhukuyo imadyedwa ndi ankhoswe. Dzuwa lisanalowe mkazi wabwerera kunyumba komwe anathawa, limodzi ndi munthu amene tsopano wakwiya kawiri chifukwa wamuchititsa manyazi pagulu.

Pamenepo palibe chimene mwamunayo wasenza. Sananene ndi pakamwa pake chimene anachita. Sanamve kuti mwana wake wamkulu wayamba kukodza pamphasa chifukwa cha mantha. Sanabweze kanthu kwa amene anamupweteka. Palibe amene adzapite Loweruka likubwerali kukaona ngati mkaziyo ali bwino. Ntchito yonse yosunga banjalo taisenzetsa kwa wovulalayo. Ndipo poti tanena kuti onse analakwa, mwamunayo waphunzira kuti kumenya kuli ndi mtengo wake, mtengowo ndi nkhuku imodzi, ndipo angakwanitse. Ulendo wachitatu mkazi sabweranso kwa ife. Timati banja lakhazikika, pamene munthu wangotaya mtima. Zaka zapitazo dziko lonse linanjenjemera ndi nkhani ya mayi wa ku Dowa amene mwamuna wake anamudula manja. Zoterezi siziyamba ndi chikwanje. Zimayamba ndi khofi limene mudzi unaliona n'kunena kuti ndi za m'banja.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, amayi achikuda ndi obwera kuchokera m'mayiko ena nawonso amaopa kuitana apolisi, chifukwa wapolisi akabwera atha kuwombera mwamunayo, kapena banja lonse kuthamangitsidwa m'dzikomo. Mu 2004 mayi wina dzina lake Mimi Kim anayambitsa bungwe la Creative Interventions mumzinda wa Oakland, lothandiza abale ndi anzake a munthu wozunzidwa kuti iwo eni aletse nkhanzazo. Mfundo zawo n'zosavuta kumva. Wozunzidwayo ndiye anene chimene akufuna. Chitetezo chake chiyambe, zokambirana pambuyo. Wozunzayo asiye, avomere popanda kudzikhululukira, akonze chimene anawononga, ndipo anthu amene iye amawamvera amutsate mpaka khalidwe lisinthe. Ku Canada, m'mudzi wa eni nthaka wa Hollow Water m'chigawo cha Manitoba, anayamba njira yofanana nayo m'zaka za m'ma 1980 pa milandu yogwiririra. Kumeneko sanataye khoti. Wolakwa ankayenera kuvomera mlandu pamaso pa woweruza, kenako n'kukhala m'manja mwa mudzi kwa zaka, akukumana ndi akuluakulu ndi abale mobwerezabwereza. Wokana kuvomera ankangomusiyira khoti. Anthu amenewa anavutika kumanga chinthu chimene ife tili nacho kale. Ukwati uliwonse kuno uli ndi ankhoswe mbali zonse ziwiri, uli ndi mwinimbumba, uli ndi nyakwawa. Chimene chikusowa kwa ife ndi cholinga: timakhala pansi kuti ukwati usathe, m'malo mokhala pansi kuti kumenya kuthe.

Ndifotokoze zimene tinayesa m'mudzi mwathu, osatchula maina. Mayi wina wachitsikana wa m'gulu lathu la banki m'khonde anayamba kujomba kumisonkhano. Akabwera ankafunda mpango mpaka m'masaya ngakhale kukutentha. Tonse tinkadziwa, poti nyumba za kumudzi zilibe chinsinsi usiku. Mwamuna wake ankalima mbatata ya kachewere ndipo nthawi yokolola, ndalama zikangolowa m'thumba, ankasowa masiku atatu ali pamsika, akabwerako n'kumenya aliyense wofunsa. Anagulitsanso makina osokera amene mkaziyo anagula ndi ngongole ya m'gulu lathu. Kwa ankhoswe anali atapitako kale, nkhuku zinali zitadyedwa kale.

Ine ndi msungichuma wa gulu tinamutsatira kudimba, kumene mwamuna sakanatikayikira. Sitinamuuze zochita. Tinamufunsa kuti akufuna chiyani, ndipo anatenga nthawi asanayankhe chifukwa panalibe amene anamufunsapo zimenezo. Anati sakufuna kuti mwamuna wake amangidwe, sakufunanso kusudzulana panthawiyo. Akufuna kumenyedwa kuthe, makina ake abwerere, ndalama za mbatata azionako poti nayenso amalima, ndiponso mwamunayo anene zimene amachita pamaso pa amayi ake omubereka, amene nthawi zonse ankati mpongozi wawo ndi wabodza. Mumtima mwanga ndinkafuna atachoka tsiku lomwelo. Koma moyo ndi wake, ndipo munthu amene wakhala akulamulidwa ndi zibakera sathandizidwa ndi anthu enanso obwera kudzamulamula.

Tisanayankhule ndi mwamunayo tinayamba takonza za chitetezo, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene wozunza wadziwa kuti nkhani yatuluka. Chiphaso cha unzika cha mayiyo, mabuku akuchipatala a ana ndi ndalama pang'ono tinazisunga kwa msungichuma. Tinagwirizana ndi nyumba ziwiri zoyandikana nawo kuti akamva phokoso asadikire kukuwa, abambo awiri apite limodzi akagogode ndipo asachoke mpaka chitseko chitsegulidwe. Mwana wamkulu anauzidwa nyumba yothawirako. Sabata yokumana ndi mwamunayo, mkazi ndi ana anapita kukagona kwa azakhali ake kutsidya kwa mtsinje.

Kenako tinadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu amamvera ndani. Nkhoswe yake sankaiopa, ankamwera limodzi kachasu. Amayi a m'gulu akanangotitcha akapasule. Tinapeza anthu atatu: atsibweni ake amene anamupatsa dimba, mkulu wa mpingo amene anamuphunzitsa kalasi ali mnyamata, ndi mnzake amene amachita naye geni yotumiza mbatata ku Lilongwe. Kuwakopa atatuwa inali ntchito yaikulu kuposa kukumana ndi mwini wakeyo. Atsibweni anati za m'nyumba ya mphwawo sizikuwakhudza. Tinawakumbutsa kuti mtembo ukadzatuluka m'nyumba imeneyo apolisi ndi abale a mkazi adzafika pakhomo pawo, ndipo dzina lodzanyozeka ndi la mbumba yawo. Mnzake wa geni ndiye anavomera msanga. Anati mayi ake omwe anafa ali ogontha khutu limodzi chifukwa cha bambo ake. Abambo ambiri ali ndi mabala oterewa, kungoti palibe amene amawapempha kuti achitepo kanthu.

Abambo atatuwa anakumana naye okha, mkazi palibe. Ichi ndichigogomeze, Akonzi, chifukwa ndi pamene ankhoswe timalakwitsa kwambiri: wozunzidwa sangayankhule momasuka pamaso pa munthu amene akagone naye nyumba imodzi usiku womwewo. Tsiku loyamba anakana zonse n'kuchokapo. Tsiku lachiwiri anati ndi mowa. Mkulu wa mpingo anamufunsa kuti nanga mowawo bwanji sunamutumepo kukamenya a nyakwawa kapena wapolisi wa pamsika, umangosankha mkazi yekha, chitseko chili chotseka? Anasowa chonena. Anati mkaziyo amamuyankha mwachipongwe. Atsibweni anati za pakamwa pa mkazi zidzakambidwa tsiku lina, lero tikukamba za dzanja lako. Mawu amenewa ndimafuna nkhoswe iliyonse itawasunga. Mkangano wa m'banja ndi nkhani ya anthu awiri, koma kumenya ndi chisankho cha munthu mmodzi, ndipo ziwirizi siziyenera kuzengedwa pa mphasa imodzi.

Panapita pafupifupi mwezi kuti afike ponena yekha, pamaso pa amayi ake ndi a nyakwawa, kuti ndinamumenya ndi mpini, ndinamukoka tsitsi ana akuona, ndinagulitsa makina ake. Mkazi anasankha kukhalapo tsiku limenelo, atakhala pakati pa azakhali ake ndi ine, ndipo sanafunsidwe kuti akhululuke. Zimene anagwirizana tinazilemba m'kope lasukulu, a nyakwawa n'kusainira. Makina abwezedwe pokolola. Ndalama za mbatata ziziwerengedwa onse awiri alipo, gawo la mkazi lizilowa m'buku lake la banki m'khonde. Mnzake wa geni aziyenda naye pokagulitsa ndipo azibwera naye tsiku lomwelo. Mkulu wa mpingo azicheza naye Lachitatu lililonse. Ine ndizionana ndi mkazi payekha. Ndipo mzere womaliza unati akadzangokwezanso dzanja, kaya kuopseza, tonse osainira tidzaperekeza mkaziyo ku Victim Support Unit ndipo tidzakhala mboni, kopelo lili m'manja. Atsibweni anawonjezera okha kuti dimba adzalanda.

Musaganize kuti zinatha ngati nthano. Makina anabwera mochedwa, ndipo anali akale. Mowa sanasiye. Koma kumenya kunatha, ndipo ana anayamba kugona. Patapita chaka ndi miyezi mayiyo ananena yekha kuti mtima wake sunabwerere, akufuna kupita kwawo. Ena m'mudzi anati ndiye mwavutikiranji, banja latha ndithu. Ine ndimati ntchito inagwirika. Anachoka masana, katundu wake ali pangolo, ali ndi manja onse awiri, palibe womuthamangitsa ndi chikwanje panjira, ndipo bambo wa anawo amagula makope ndi yunifolomu chifukwa abambo atatu aja sanamusiye. Amadziwanso kuti mkazi wina amene adzalowe m'nyumba imeneyo mudzi udzakhala ukumuyang'anira.

Ulendo wina zinakanika. Mwamuna wake wa mdzukulu wa mnzanga atangomva kuti akuluakulu akufuna kukumana naye, anakwera minibasi n'kupita ku Lilongwe, ndipo tinamva kuti wakwatira wina ku Mtandire. Njira imeneyi imagwira munthu amene ali ndi chinthu choopa kutaya pakati pa anthu ake: munda, dzina, mpingo, geni. Wopanda mizu amangosamuka n'kukayambiranso kwina. Apa ndipemphe ankhoswe a m'tauni, amene masiku ano mumangotengedwa pa lendi kuti mudzaimirire pa chinkhoswe: musanalandire udindo, fufuzani kuti mkazi woyamba anachokeranji. Kale makolo ankatuma munthu kumudzi kwa mnyamata kukafunsa mbiri. Lero tili ndi mafoni m'manja koma sitifunsa.

Tsono ndinene malire, chifukwa kalata ngati iyi wina atha kuigwiritsa ntchito pobisa milandu. Mwana akagwiriridwa, palibe zokambirana, palibe mbuzi, palibe “tikambirane pachibale”. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limaletsa kukwatiwa munthu asanafike zaka zimenezo. Mfumu kapena nkhoswe yolandira chindapusa pa mlandu wa mwana yagulitsa mwanayo. Chimodzimodzi pamene pali chikwanje, mpeni, moto, kukanyanga pakhosi, kumenya mayi woyembekezera, kapena mawu akuti “ndidzakupha”. Pamenepo thamangani naye kuchipatala ndi kupolisi, ndipo ntchito ya mudzi ikhale kumuperekeza, kulera ana, kuthirira dimba lake ndi kuima naye kukhoti kuti asachotse mlandu chifukwa cha njala. Ngakhale pa milandu yocheperapo, ngati mkazi mwini wake akufuna kupita kupolisi, palibe nkhoswe imene ili ndi mphamvu yomuletsa.

Ambiri sadziwanso kuti lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silinangobwera kudzamanga anthu. Khoti la majisitireti litha kupereka chikalata choletsa wozunza kuyandikira kapena kuopseza mnzake. Litha kulamula kuti wozunzayo ndiye atuluke m'nyumba, wozunzidwa ndi ana atsale. Lamulolo limawerenganso kumana munthu chuma ndi kumuzunza m'maganizo ngati nkhanza. Zimenezi ndi zida zimene ankhoswe tikanamazigwiritsa ntchito. Mwamuna amamvera atsibweni ake msanga akadziwa kuti kuseri kwa atsibweniwo kuli khoti. Ndiye mudzi ndi boma zisamaonedwe ngati njira ziwiri zolimbana. Kope lathu lija linali ndi mano chifukwa cha mzere womaliza uja.

Malire ena ndi a mudzi womwewo. Ndikamati mudzi uchitepo kanthu sindikunena zogwira munthu n'kumukwapula pabwalo kapena kumuotchera nyumba. Tonse tikukumbuka agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 powaganizira ufiti. Gulu la anthu okwiya silifunsa mafunso, ndipo kawirikawiri limagwera wofooka, wolemera n'kupulumuka. Kumenya mwamuna kuti asiye kumenya n'kumuphunzitsa kuti wamphamvu ndiye wolungama, zomwe amakhulupirira kale. Tizisamalanso pamene wozunzayo ndi mwana wa mfumu, mkulu wa mpingo, kapena amene amagula mabokosi pamaliro a m'mudzi. Pamenepo mphasa imapendekera mbali imodzi, ndipo ndi bwino kuitana anthu akunja, monga a komiti yothandiza ozunzidwa ya kwa T/A kapena alangizi a zachitukuko.

Ndisaiwale kuti alipo abambo amene amathiridwa madzi otentha, kumanidwa chakudya, kapena kuthamangitsidwa pachikamwini mbewu zitacha. Akabwera kwa ankhoswe timawaseka, ati mwamuna salira. Nawonso afunsidwe chimene akufuna, ndipo mkazi wozunzayo atsatidwe chimodzimodzi.

Kwa amayi anzanga a Chigwirizano, a Mvano, a Dorika ndi magulu ena a m'mipingo ndi m'mizikiti: ife ndife alangizi pa zinkhoswe ndi pa maukwati. Mtsikana timamukhazika pansi usiku wonse kumuphunzitsa kugwada, kuphika, kusamala kuchipinda, kusunga chinsinsi. Mnyamata amauzidwa mawu ochepa, kenako n'kupita kukavina. Ena mpaka lero amanena pa chilangizo kuti kumenya ndi mankhwala a banja, anthu n'kuseka, nthungululu n'kulira. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti amayi 16 mwa 100 amavomereza kuti mwamuna atha kumenya mkazi pa zifukwa zina, monga kupsereza ndiwo kapena kuchoka osatsanzika, pamene abambo ovomereza anali 13 mwa 100. Amayi kuposa abambo! Anawaphunzitsa ndani ngati si ife? Ndikupempha kuti pa chinkhoswe chilichonse, anthu onse akumva, nkhoswe ya kuchimuna izinena kuti mwana wathuyu akadzakweza dzanja, ife abale ake ndife oyamba kudzamugwira, ndipo nkhoswe ya kuchikazi izinena kuti khomo la kwathu ndi lotsegula usiku ndi usana. Mtsikana amve zimenezo tsiku loyamba, mnyamatanso amve.

Mafumu atha kutsogolera. Inkosi Kachindamoto ya konkuno ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera, ndipo dziko lonse linaona kuti mwambo utha kutembenuka n'kuteteza mwana. Mphamvu yomweyo igwire ntchito pa nkhanza za m'banja. Gulupu aliyense atha kulamula kuti mlandu wa kumenya usamazengedwe mkazi ndi mwamuna atakhala pamodzi tsiku loyamba, kuti chindapusa chizipita kwa wovulala osati kwa ozenga, kuti pangano lizilembedwa, ndi kuti pakatha mwezi ankhoswe azibwera kudzanena zimene aona. Izi sizifuna galimoto ya bungwe kapena ndalama ya msonkhano. A bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo la PASI anaphunzitsa kale anthu oyanjanitsa m'midzi ya maboma ena pa milandu ing'onoing'ono. Boma ndi mabungwe achitenso chimodzimodzi ndi ankhoswe, atiphunzitse kuzindikira zizindikiro zoti moyo wa munthu uli pachiswe, ndi nthawi yoti tisiye kukambirana tithamangire kupolisi. Maphunziro ambiri amathera m'mahotela a ku Mponela ndi ku Salima, kwa anthu amene sagogodedwa usiku.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi lakuti musamangotilembera nkhani mayi akaphedwa kale. Tisindikizireni m'Chichewa chomveka zimene lamulo la 2006 limanena, makamaka za chikalata choletsa wozunza kuyandikira ndi cholamula kuti atuluke m'nyumba, ndi mmene munthu wakumudzi angachipemphere kwa majisitireti. Muziikanso sabata iliyonse manambala a foni aulere a bungwe la YONECO, 5600 ya nkhanza ndi 116 ya ana, pamalo oonekera, kuti tizidula n'kumata m'makope a banki m'khonde. Ndipo tumizani mtolankhani wanu akakhale pa mphasa za ankhoswe m'maboma angapo, kuchitengwa ndi kuchikamwini komwe, amve mafunso amene timafunsa amayi otupa maso, adzalembe momwe wawamvera.

Ndine nkhoswe ndi mphunzitsi wopuma,
Linthipe, Dedza